Thomas Fuller, Kapolo Wodziwa Masamu, ndi Nambala Imene Adatisiyira

Chiyambi

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kufupi ndi msika wa Lizulu, kumene msewu wa M1 umadutsa m'malire a Malawi ndi Mozambique. Agogo anga aakazi akhala akugulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi anyezi pamsikawu kuyambira ine ndisanabadwe. Sukulu sadapiteko, ndipo akafuna kusaina amadinda ndi chala. Tsiku lina pa tchuthi, nditangomaliza chaka choyamba kuyunivesite, adandipempha kuti ndiwathandize kuwonkhetsa malonda a tsikulo. Ndidatulutsa foni n'kuyamba kudina. Nditawauza zimene ndidapeza, adapukusa mutu n'kunena kuti ndalamazo zaperewera. Ine ndidaumirira, poganiza kuti makina sanama. Apo agogo adandikumbutsa za ndowa zitatu zimene mayi wina adatenga pangongole m'mamawa, zomwe ine sindidaziike m'foni muja. Titaziikamo, nambala yanga idafanana ndi yawo. Manyazi adandigwira, chifukwa mumtima ndidali nditagamula kale kuti wolakwa ndi amene sadapite kusukulu.

Patapita miyezi ingapo ndidawerenga mbiri ya munthu wina wa ku Africa amene zonga zomwezi zidamuchitikira zaka zoposa 230 zapitazo, ku America. Dzina lake ndi Thomas Fuller. Adali kapolo, sankadziwa kulemba kapena kuwerenga zilembo, koma ankawerengera m'mutu manambala ofika m'mabiliyoni. M'nkhani ino ndifotokoza moyo wake, ndiunika nambala imodzi yaikulu imene adaitchula, ndiponso ndionetsa kuti ngakhale nambalayo akatswiri angathe kuiika m'gulu lake mosaphonya, anthu adalephera kuika mwini wakeyo m'gulu loyenera.

Kubadwa kwake ndi ukapolo

Zambiri zimene zimadziwika za Fuller zimachokera m'zolembedwa ziwiri. Choyamba ndi nkhani imene adalemba Benjamin Rush, dokotala wa mumzinda wa Philadelphia, yomwe idasindikizidwa m'magazini ya American Museum m'chaka cha 1789. Chachiwiri ndi chilengezo cha imfa yake, chimene chidatuluka m'nyuzipepala ya Columbian Centinel ya ku Boston pa 29 Disembala, 1790. Chilengezochi chidati Fuller adamwalira ali ndi zaka 80, ndipo adafika ku America ali ndi zaka 14. Pochotsera zaka zimenezi, olemba mbiri amati adabadwa cha m'ma 1710 ndipo adawolotsedwa nyanja mu 1724. Ambiri mwa iwo amakhulupirira kuti adachokera kuzambwe kwa Africa, m'chigawo cha pakati pa mayiko amene lero ndi Liberia ndi Benin.

Fuller adali mmodzi mwa anthu pafupifupi 12.5 miliyoni amene adakwezedwa m'zombo kuchoka ku Africa pa zaka zonse za malonda a akapolo a pa nyanja ya Atlantic. Mwa anthuwa, pafupifupi 10.7 miliyoni ndiwo adafika tsidya linalo ali moyo. Otsalawo adafera m'njira. Nkhani ya ukapolo si yachilendo kwa ife Amalawi. Ngakhale kuti anthu a kuno ambiri ankapita nawo kuvuma, ku nyanja ya India, tikudziwa za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga, amene adagonjetsedwa mu 1895. Choncho mnyamata wa zaka 14 wochotsedwa pakati pa abale ake tingathe kumuona m'maganizo mwathu popanda kuvutika.

Ku America adagulidwa ndi banja la Presley Cox ndi mkazi wake Elizabeth, amene adali ndi munda mtunda wa makilomita pafupifupi 6 kuchokera ku tawuni ya Alexandria, m'chigawo cha Virginia. Kumeneko ndi kumene adakalambira, akugwira ntchito ya kumunda. Dzina loti Thomas Fuller adalipezera ku America, ndipo ambiri ankangomutchula kuti Tom. Olemba awiri aja sadalembe dzina limene makolo ake adamupatsa, mudzi wake, kapena chilankhulo chake.

Momwe adayambira kuwerengera

Malinga ndi nkhani ya Rush, Fuller adafotokoza yekha momwe adayambira. Adayamba ndi kuwerenga kufika pa khumi. Atakwanitsa kufika pa zana adadziona kuti ndi wochenjera ndithu. Kenaka adafuna chinthu chochuluka choti ayeserepo luso lake, ndipo adasankha mchira wa ng'ombe. Adawerenga ubweya wa kumchirako umodziumodzi n'kupeza 2,872. Atatero adatenga tirigu wodzadza muyeso wotchedwa bushel, womwe ndi malita pafupifupi 35, n'kuwerenga njere zake zonse. Adachitanso chimodzimodzi ndi timbewu ta chomera chotchedwa flax, tomwe ndi tating'ono kuposa tirigu.

Aliyense amene adatongolapo chimanga angamvetse kudekha kumene ntchito yotereyi imafuna. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu sangawerenge njere za tirigu zochuluka chotero popanda njira yoziikira m'magulu, makumi paokha, mazana paokha, zikwi pazokha, ndi kusunga m'mutu pamene walekezera. Apa m'pamene pali chiyambi cha masamu a manambala aakulu.

Luso limeneli silidathere pa masewera. Fuller ankatha kuwerengera timatabwa tofolera denga la nyumba ya kukula kwakutikwakuti, nsichi ndi mitengo yopingasa yokwanira kuzungulira munda, komanso mbewu yokwanira kufesa pamalo amene wauzidwa. Rush adalemba kuti mayi Cox ankapindula kwambiri ndi nzeru zimenezi. Anthu angapo adafuna kumugula ndi ndalama zambiri koma mayiwo adakana, ndipo Fuller ankawathokoza chifukwa cha kukanako. Ine ndikawerenga pamenepa ndimaima kaye. Kuthokozako kudali koona, pakuti kugulitsidwa kukadatanthauza kusiyanso kachiwiri malo ndi anthu amene adawazolowera. Koma n'zomvetsa chisoni kuti chabwino chachikulu chimene munthu wanzeru chotere ankayembekezera pa moyo wake chidali chakuti asagulitsidwe.

Alendo awiri ndi mafunso atatu

Fuller atakalamba, imvi zitamera, kudabwera alendo awiri, William Hartshorne ndi Samuel Coates. Anthuwa ankagwirizana ndi bungwe lolimbana ndi ukapolo la ku Pennsylvania, ndipo adali atamva mbiri ya nkhalambayi. Adamufunsa mafunso atatu, mmodzi mwa iwo akuwerengera papepala.

Funso loyamba lidali loti m'chaka chimodzi ndi theka muli masekondi angati. Patatha mphindi ziwiri Fuller adayankha kuti 47,304,000. Tikhoza kutsimikiza tokha. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400, ndipo chaka ndi theka ndi masiku 547 ndi theka. Tikachulukitsa, yankho ndi lomwelo.

Funso lachiwiri lidali loti munthu amene wakhala ndi moyo zaka 70, masiku 17 ndi maola 12 wakhala masekondi angati. Patatha mphindi imodzi ndi theka adayankha kuti 2,210,500,800. Mlendo wa cholembera uja adamuuza kuti walakwa, nambalayo yakula mopitirira. Nthawi yomweyo Fuller adamukumbutsa kuti wayiwala zaka zija zimene mwezi wa Febuluwale umakhala ndi masiku 29. Mlendoyo atawonjezera masekondi a masiku amenewo, mayankho awo adafanana ndendende.

Funso lachitatu lidali la nkhumba. Mlimi ali ndi nkhumba zazikazi 6, iliyonse yabereka ana aakazi 6 m'chaka choyamba, ndipo zonse zikupitiriza kuswana chomwecho kwa zaka 8. Kodi pamapeto pake adzakhala ndi nkhumba zingati? Apa Fuller adatenga mphindi 10, chifukwa poyamba sadamve bwino funsolo, ndipo adayankha kuti 34,588,806. Chinsinsi chake n'chakuti nkhumba iliyonse ikabereka ana 6, pamodzi ndi mayi wawo zimakhala 7, choncho khola limachuluka kasanu ndi kawiri chaka chilichonse: 42, 294, 2,058, 14,406, 100,842, 705,894, 4,941,258, ndipo potsiriza 34,588,806.

Pamapeto pa kucheza kwawo, Coates adadandaula kuti n'zachisoni kuti munthu wamutu wotere sadapeze mwayi wa sukulu. Fuller adayankha kuti zidakhala bwino kuti sadaphunzire, chifukwa anthu ambiri ophunzira ndi zitsiru zazikulu. Tikakumbukira kuti posachedwa pomwepo wophunzira adali atayiwala masiku 17, yankholi limamveka kuti lidali ndi mchere.

Nambala ya 2,210,500,800 ndi magulu ake

Tsopano tiyeni tiione bwino nambala ya funso lachiwiri ija, pakuti ndi imene idaonetsa kuti Fuller sankangochulukitsa ngati makina, koma ankamvetsa chimene akuwerengera. Zaka 70 za masiku 365 zimapereka masiku 25,550. Tikaikapo masiku 17 a pa 29 Febuluwale, masiku 17 a m'funso, ndi theka la tsiku, timapeza masiku 25,584 ndi theka. Tikachulukitsa ndi 86,400 timafika pa 2,210,500,800. Munthu atasiya masiku a Febuluwale aja amapeza 2,209,032,000, nambala yoperewera ndi 1,468,800. Pofuna kumva kukula kwake, tiganize chonchi: mutati muzitchula nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, mungayambe muli khanda n'kumaliza muli ndi zidzukulu.

Akatswiri a masamu amaika manambala m'magulu monga momwe ife a zilankhulo timaikira mayina m'magulu a Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi ndi ena. Dzina timaliika m'gulu poona mphatikiram'mbuyo wake ndi mgwirizano umene limatenga. Nambala amaiika m'gulu poona manambala amene angaigawe popanda chotsala.

Gulu loyamba ndi losavuta. Nambala yathu ithera ndi 0, choncho imagawika ndi 2, ndi 5, ndi 10. Ndi nambala yoti anthu awiri angagawane popanda kukangana.

Gulu lachiwiri likukhudza manambala amene m'Chingerezi amatchedwa prime, omwe sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni, monga 2, 3, 5, 7 ndi 11. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imamangidwa pochulukitsa manambala amenewa, monga momwe mawu amamangidwira ndi maphatikizo. Nambala ya Fuller si prime. Ikaphwanyidwa imapereka ma 2 asanu ndi mmodzi, ma 3 atatu, ma 5 awiri, ndi nambala imodzi yaikulu, 51,169, yomwe ndi prime. Ndidakhala usiku wina ndikuyesa kuigawa ndi prime aliyense kuyambira 2 mpaka 223, ndipo palibe amene adaigawa popanda chotsala. Kupitirira apo n'kosafunika, chifukwa 227 kuchulukitsa ndi 227 zimaposa kale 51,169.

Kuphwanya kumeneku kuli ndi tanthauzo. Ma 2, ma 3 ndi ma 5 aja tikawachulukitsa amapereka 43,200, amene ndi masekondi a m'maola 12. Amenewa ndi mbali ya wotchi, yochokera ku chizolowezi chakale cha Ababulo chowerengera m'magulu a 60. Tsono 51,169 ndi kuchuluka kwa matheka a tsiku amene munthu wa m'funso uja adakhala ndi moyo. Choncho m'kati mwa nambalayi muli zinthu ziwiri, wotchi ndi moyo wa munthu, ndipo mbali ya moyo wa munthuyo ndiyo yosagawika.

Kuchokera pa kuphwanyaku tingadziwenso kuti manambala onse amene amagawa 2,210,500,800 popanda chotsala alipo 168. Pakati pa 1 ndi 10, onse amaigawa kupatula 7. Chodabwitsa n'chakuti yankho lolakwa lija, 2,209,032,000, limagawika ndi onse kuyambira 1 mpaka 10, ndi 7 yemwe. Limaoneka losalala kuposa loona, koma kusalalako sikulisandutsa loona.

Gulu lachitatu ndi lakale kwambiri. Nicomachus, Mgiriki wina amene adalemba cha m'ma 100, adagawa manambala patatu poonkhetsa manambala onse amene amawagawa, kusiyapo nambala yeniyeniyo. M'Chichewa ndingawatche operewera, okwanira ndi osefukira. Nambala ya 8 ndi yoperewera, pakuti 1, 2 ndi 4 amangokwana 7. Nambala ya 6 ndi yokwanira, pakuti 1, 2 ndi 3 amakwana 6. Nambala ya 12 ndi yosefukira, pakuti 1, 2, 3, 4 ndi 6 amakwana 16. Ya Fuller ndi yosefukira. Kuigawa ndi 2 kumapereka 1,105,250,400, ndi 3 kumapereka 736,833,600, ndi 4 kumapereka 552,625,200. Atatu okhawa akawonkhetsedwa amakwana 2,394,709,200, kuposa kale nambala yeniyeniyo.

Gulu lachinayi ndi la manambala otchedwa Harshad, dzina limene adapereka D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa ku India. Awa ndi manambala amene amagawika ndi chiwonkhetso cha zilembo zawo. Zilembo za nambala yathu, 2, 2, 1, 5 ndi 8 pamodzi ndi ma 0 asanu, zimakwana 18, ndipo tikaigawa ndi 18 timapeza 122,805,600 popanda chotsala.

Pali chinanso. Makompyuta ambiri akale amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale, 1970, ndipo malo amene amasungamo chiwerengerocho amadzadza pa 2,147,483,647. Adzafika pamenepo pa 19 Januwale, 2038. Nambala imeneyi ndi prime, ndipo Leonhard Euler adatsimikiza zimenezi mu 1772, Fuller ali moyo kumunda ku Virginia. Nambala ya Fuller ndi yaikulu kuposa imeneyi. Chimene chidakwana m'mutu mwa nkhalamba yosadziwa kulemba sichikwana m'malo amene makina aja adapatsidwa.

Gulu limene anthu adamuikamo

Ubwino wa magulu a manambala n'ngwakuti aliyense angathe kuwatsimikiza. Wokayika angotenga pepala n'kugawa yekha. Magulu amene anthu adaikamo Fuller sadali otero.

Poyamba adaikidwa m'gulu la katundu. Chilengezo cha imfa yake chomwe, chimene chidamutamanda kwambiri, chidamutchula kuti adali chuma cha mayi Cox. Malamulo oyendetsera dziko la United States, olembedwa mu 1787, adanena kuti powerengera mipando ya m'nyumba ya malamulo, akapolo asanu aliwonse aziwerengedwa ngati anthu atatu. M'kalembera woyamba wa dzikolo, wa mu 1790, akapolo sankalembedwa mayina. Ankangoikidwa ngati chiwerengero pansi pa dzina la mwini nyumba. Chaka chimenecho Virginia idali ndi akapolo oposa 290,000. Munthu amene ankawerengera masekondi a moyo wa ena, iye mwini tsiku lake lobadwa silidalembedwe, moti Rush adati adali ndi zaka 70 pamene nyuzipepala, patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri, idati 80.

Kachiwiri adaikidwa m'gulu la umboni. Pa nthawiyo anthu otchuka ankaphunzitsa kuti munthu wakuda ndi wochepa nzeru mwachibadwa. Thomas Jefferson, yemwe kwawo kudali ku Virginia komweko, adalemba m'buku lake la Notes on the State of Virginia kuti n'kovuta kupeza munthu wakuda wotha kutsatira masamu a Euclid. Rush adalemba za Fuller pofuna kutsutsa maganizo otere, ndipo ena olimbana ndi ukapolo, monga Henri Grégoire wa ku France mu 1808, adabwereza nkhaniyi ndi cholinga chomwecho. Cholingacho chidali chabwino. Komabe alendo aja adapita ndi nkhani, Fuller n'kutsala ali kapolo. Rush nayenso pa nthawiyo adali ndi kapolo wake kunyumba.

Kachitatu, patapita zaka zambiri, olemba ena a za ubongo wa munthu adamuika m'gulu la anthu amene nzeru zawo n'zoperewera pa zonse koma ali ndi luso limodzi lodabwitsa. Zolembedwa zoyambirira zija sizinena zotero. Munthu wodziwa kuwerengera denga, mpanda ndi mbewu, wogwira cholakwa cha mnzake pa kanthawi kochepa, woyankha wophunzira mwanthabwala yoluma, sangakhale woperewera nzeru. Chilengezo cha imfa yake chidanenanso kuti ankatha kudukizidwa ali pakati powerengera, n'kuyankha zina, kenaka n'kupitiriza pomwe adalekezera.

Mu 1990, pokumbukira kuti patha zaka 200 chimwalirire, John Fauvel wa ku Britain ndi Paulus Gerdes, amene ankaphunzitsa masamu ku Mozambique, adalemba za iye m'magazini ya Historia Mathematica. Iwo adaonetsa momwe mbadwo uliwonse udagwiritsira ntchito dzina la Fuller pa mikangano yake. Adanenanso kuti popeza adachoka kwawo ali ndi zaka 14, n'kutheka kuti maziko a luso lake adawatenga ku Africa, kumene Azungu ena a nthawi imeneyo adalemba modabwa za amalonda owerengera m'mutu mofulumira kuposa iwo a mapepala.

Nambala ndi chilankhulo

Monga wophunzira za zilankhulo, mfundo yomalizayi ndi imene imandikhudza kwambiri. Mwana wa zaka 14 amakhala atadziwa kale kuwerenga m'chilankhulo cha amayi ake. Alendo aja adayesa liwiro la Fuller ndi wotchi, koma m'zolemba zawo mulibe pamene adamufunsa mawu amene ankawerengera ali mwana. Ife a ku Ntcheu tikudziwa momwe chilankhulo chimazimiririra. Makolo athu Angoni adafika ndi Chingoni, koma lero ambiri timayankhula Chichewa, ndipo Chingonicho chidatsalira kwenikweni m'nyimbo za ngoma, m'ziwongo ndi m'mawu ochitira ulemu mafumu.

Ndipo Chichewa chomwecho chikutaya manambala ake. Pamsika wa Lizulu mudzamva faifi handiredi ndi teni sauzande, ngakhale pakamwa pa agogo anga. Mu 2014 boma lidalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndipo anzanga ambiri amanena mosakayika kuti Chichewa sichingathe masamu. Ndidafuna kuyesa ndekha, choncho ndidatchula nambala ya Fuller m'Chichewa: mabiliyoni awiri, mamiliyoni mazana awiri ndi khumi, zikwi mazana asanu, ndi mazana asanu ndi atatu.

Apa ndidakumana ndi vuto lenileni. M'Chichewa muli masinde asanu a manambala, -modzi, -wiri, -tatu, -nayi ndi -sanu, amene amatenga mgwirizano wa dzina. Kuyambira 6 mpaka 9 timaphatikiza: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka zisanu ndi zinayi. Khumi, zana ndi chikwi ndi mayina paokha. Tsono mawu oti masekondi ndi mazana onse amatenga mgwirizano wa a-. Choncho ndikanena kuti masekondi mazana asanu ndi atatu, wina angamve 800, wina 503, chifukwa atatuwo angakhale mazana kapena masekondi.

Koma chilankhulochi chili nacho kale chida chothetsera vutoli, chomwe ndi mawu oti mphambu. Tikati mazana asanu ndi mphambu zitatu, aliyense adziwa kuti ndi 503, ndipo 800 itsala yokha. Tingathenso kubwereza dzina n'kunena kuti mazana asanu ndi mazana atatu. Zoona, njirayi ndi yaitali kuposa ya Chingerezi, ndipo m'chifukwa chake pamsika anthu amasankha yachidule. Koma kutalika si kulephera. Ndipo ngati wina angatinyoze kuti miliyoni ndi mawu obwereka, adziwe kuti Chingerezi nachonso chidawabwereka, pakuti gwero lake ndi Chitaliyana, monganso mawu awo a ziro, amene adachokera ku Chiarabu. Chilankhulo chimakula pamene eni ake achipatsa ntchito. Mayina aja ndapereka, operewera, okwanira ndi osefukira, sindidawavutikire. Adali kale m'nkhokwe ya Chichewa, kudikira wowatenga.

Imfa yake

Thomas Fuller adamwalira mu 1790, ali kapolo pamunda womwe uja wa pafupi ndi Alexandria. Rush adalemba kuti adagwira ntchito yakalavulagaga moyo wake wonse ndipo sadali munthu woledzera. Nyuzipepala ya ku Boston idadandaula kuti akadapatsidwa mwayi wofanana ndi wa anthu ena, akatswiri a sayansi a ku London ndi ku Paris, ngakhale Isaac Newton amene, sakadachita manyazi kumutcha mbale wawo. Ukapolo udathetsedwa m'dziko la United States mu 1865, patapita zaka 75 iye atamwalira.

Pomaliza

M'nkhani ino ndafotokoza moyo wa Thomas Fuller, kuyambira kuchotsedwa kwake ku Africa mpaka imfa yake ku Virginia. Ndaonetsa kuti 2,210,500,800 ndi nambala yogawika ndi 2, yosakhala prime, yosefukira, ya m'gulu la Harshad, yokhala ndi manambala 168 oigawa. Zonsezi aliyense angazitsimikize, kaya ali ku Zomba, ku Lizulu kapena ku Boston, ndipo sizisintha. Pafupifupi china chilichonse chokhudza Fuller chidatifika kudzera m'kamwa mwa ena, amene adali ndi zolinga zawo. Manambala atatu aja ndiwo okha amene tingawayese tokha lero n'kupeza kuti nkhalambayo idalondola.

Mlendo wa cholembera uja sadali munthu woipa.  Komabe mayankho atasiyana, adayamba wakayikira nkhalambayo asanakayikire pepala lake. Inenso agogo anga ndimawakonda, koma ndidachita zomwezo. Ife amene tikuphunzira kuika mawu m'magulu tiyenera kusamala kwambiri tikafika pa anthu, chifukwa pamenepo nthawi zambiri timayamba taika m'gulu, kufufuza pambuyo.

Pa tchuthi chotsatira ndidawafunsa agogo momwe amawerengera. Adandifotokozera kuti sayamba ndi ndalama. Amayamba ndi ndowa, kuziika m'magulu a zisanuzisanu, ndipo gulu lililonse amalisunga pa chala chimodzi. Za ngongole amazisunga ku dzanja lamanzere, pamodzi ndi nkhope ya wotenga. Ndidalemba zonse m'kope, pamodzi ndi mawu amene amagwiritsa ntchito, ndipo ndapangana nawo kuti ndikapitanso akandiperekeze kwa anzawo a pamsika kuti nawonso ndikawafunse.